Varkey Wasala Kutukwana

Muscat, 22 Januwale 1988

Okondedwa bambo anga, Appachan,

Ambuye Yesu atamandike. Muli bwanji kumeneko ku Pala? Bondo lija likukulolani kuyenda? Ine kuno ndili bwino, kungoti odwala achuluka pamene anamwino tachepa, moti pofika madzulo miyendo imachita kuphwanya.

Ndalemba msanga chifukwa Lenti yayandikira, ndipo ndi yoyamba chitisiyireni amayi anga, Ammachi. Zaka zonsezi iwo ndiwo ankakusankhirani chosala. Ankangochotsa nyama, nsomba, mazira ndi mkaka m'khitchini, inu n'kumadandaula mpaka Pasaka, kenaka n'kukadzitama pabwalo la tchalitchi kuti mwasala kuposa bambo mfumu. Chaka chino musankha nokha, ndiye ndikuthandizeni maganizo: salani uchema. Ine ndine namwino, ziwindi za anthu ndimaziona, ndipo chanu sindikufuna kudzachiona.

Nkhani imene ikundisowetsa mtendere kwenikweni ndi ya mkate wa Pesaha, wokumbukira mgonero womaliza wa Ambuye. Mwambo mukuudziwa. Nyumba imene yataya munthu chaka chimenecho siphika mkate Lachinayi Loyera, amabweretsa ndi achibale. Nanga inu akubweretsereni ndani? Mwana ndine ndekha, ndipo ndili kuno. Achibale amene atsala ndi a kuseri kwa mpandawo basi, bambo aang'ono a Pothen ndi mayi aang'ono a Eliamma.

Ndikudziwa kuti chiyambire mlandu wa mtengo wa kokonati uja, wozika mizu kwathu koma wogwetsera zipatso kwawo, simunapondeko pakhomo pa mng'ono wanu. Koma musandiuze kuti simuyankhulana. M'mawa uliwonse mumaimirira pampanda n'kumawatukwana uku mukutsuka mano, iwo n'kumabweza. Ndinakulira m'phokoso limeneli. Tsiku limodzi lokha, m'malo mwa "mbava iwe", simunganene kuti "mutiphikireko mkate"?

Sindikufuna kuti madzulo amenewo, nyumba zonse zikunyema mkate, inu mukhale nokha patebulo popanda kanthu. Ndikaganiza zimenezi ndimalira.

Mundiyankhe msanga, ndipo mundiuze zonse.

Mwana wanu,
Annakutty

Pala, 16 Febuluwale 1988

Annakutty mwana wanga,

Atamandike nthawi zonse. Kalata yako ndalandira. Ndili bwino, bondo lili chomwecho, limachita kulosera mvula kuposa wailesi. Iyi ndapatsira Kuriachan, dalaivala uja wa kumsika amene wapeza ntchito kwanuko. Akunyamuka sabata ino, ndiye ndaona kuti kugula sitampa n'kutaya ndalama.

Za uchema iwala. Uchema si mowa, ndi madzi a mtengo. Ndiponso Kesavan amene amakwera mitengo kukautenga ali ndi ana ang'onoang'ono. Ukufuna Lenti yanga isanduke njala ya ana a Mhindu amene sanabatizidwe n'komwe? Chikhristu chotero ine ayi.

Lamulungu tinadya nyama yotsanzikana nayo, Lolemba Lenti inayamba, ndipo parishi yonse yasanduka oyera mtima. Mphunzitsi Lukose wasala shuga, amene dokotala anamuletsa iwe usanapite ku Muscat. Mayi Kunjannam asala miseche, ndipo ayenda kale nyumba zonse kufotokoza mayina a amayi amene anayenera kusala miseche koma sanatero. Chacko, msungichuma wa parishi, wasala nyama. Dzulo lomweli amuona ku Kottayam m'nyumba yodyera akukukuta ng'ombe yokazinga. Atamufunsa akuti Lenti anailonjezera m'parishi yathu, ndipo parishi yathu imathera pamlatho.

Bambo mfumu anatiwerenga bwino. Paulaliki anati, "Musamapatse Mulungu zimene mano anu alephera. Salani chimene mumachikonda koposa, chimene mumayamba kuchiganiza mukangodzuka. Ndipo musalengeze. Sambani kumaso, musale mobisa."

Mawu amenewa anandilowa. Ndinayamba kudzifufuza. Nyama? Mano otafunira anandithawa kalekale. Nsomba? Chipitire amako palibe amene amadziwa kuiphika, ndimadya phala la mpunga ndi chinangwa ngati wandende. Ndiye ndinadzifunsa moona: Varkey, ukangotsegula maso umaganiza chiyani? Yankho linabwera losachedwa. Ndimaganiza chomuuza Pothen. Nthawi zina ndimagona nditachikonza kale, n'kudzuka chitapsa bwino.

Choncho ndasala kutukwana Pothen. Kuyambira Lolemba mpaka m'mawa wa Pasaka, sindimutchula mbava, galu, nyani, kapena mutu wa chikho. Palibe m'parishi muno amene wapereka nsembe yoposa imeneyi, ndipo chondipweteka n'choti sindingauze munthu. Iwe ndakuuza poti uli kutsidya kwa nyanja.

Usaganize kuti n'zophweka. Dzulo ndinatsukira mano moyang'ana nthochi. Iye anatulukira kuchitsime kwake, nakhosomola, nakhosomolanso, kudikira. Pomwepo kokonati wanga anagwa kwake, phi! Mwana wanga, ndinaluma mswachi mpaka unasweka. Lero wasuzumira pampanda maso ali tong'o. Mawu okoma kwambiri anafika pakhosi, ine n'kuwameza ndi madzi otsukira mano.

Za mkate usandivutitse. Ndasala kutukwana, sindinasale kukumbukira. Mkate wa m'nyumba ya munthu amene wakhala akudya kokonati wanga sulowa pakamwa panga. Ndikhala osadya, amako amvetsa.

Unditumizire tochi yabwino ndi mankhwala opaka bondo aja onunkha ngati mafuta a galimoto.

Ndine bambo ako,
Varkey

Pala, 2 Malichi 1988

Annakutty,

Moni mwana wathu. Usadabwe ndi dzanja lachilendo, ndine bambo ako aang'ono, Pothen. Adiresi yako anali nayo mayi ako aang'ono, sindikudziwa kuti anaipeza bwanji. Tikhulupirira uli bwino. Ife tilipo, koma nkhani si yabwino.

Bambo ako akudwala kwambiri. Sindikufuna kukuopseza, koma ine ndakhala nawo moyandikana moyo wanga wonse ndipo ndikuwadziwa. Chiyambire Lenti sananditukwane ngakhale kamodzi.

Poyamba ndinkati mwina ndi chimfine. Koma munthu amene uja ananditukwana ali ndi malungo, ananditukwana tsiku limene anamuchotsa dzino, pakamwa pali thonje. Ngakhale m'mawa umene tinaika amako m'manda anatulukira pampanda nati, "Mbava iwe, usabwere ndi malaya ako ong'ambika aja, utichititsa manyazi." Ndinadziwa kuti apirira. Tsopano zii.

Ndayesa njira zonse. Ndinatola kokonati wa mtengo uja iwo akuona, ndinamukweza m'mwamba, ndinamugogoda kuti amve kuti ndi wamadzi. Anangonjenjemera milomo, nkhope n'kufiira, thukuta kamukamu, kenaka anachita chizindikiro cha mtanda n'kulowa m'nyumba. Ndinamasula mbuzi yanga kuti ilowe m'munda mwawo mwa chinangwa. Anaigwira, naibweza pampanda, nati, "Chiweto chako ichi, Pothen." Anandiitana dzina langa, Annakutty! Dzina limeneli pakamwa pawo ndinalimva komaliza tisanamere imvi. Ndinalandira mbuzi ija n'kulowa m'nyumba.

Iwe ndiwe namwino, ukudziwa. Munthu akamanjenjemera milomo, kufiira nkhope, mawu osatuluka, si mtsempha wa m'mutu umenewo? Bambo athu anayamba choncho. Anafatsa, anayamba kukomera anthu mtima, mwezi usanathe tinawaika.

Usaganize kuti zikundikhudza. Mtengo uja zipatso zake ndi zanga, ndipo ndidzanena zimenezi ngakhale pamaso pa Papa. Kungoti khofi wa m'mawa sakundikomanso. Ndimakhala kuchitsime kudikira mpaka dzuwa kukwera, mayi ako aang'ono n'kumandifunsa ngati ndataya kanthu.

Ngati ungathe, bwera. Ngati sungathe, tiuze chochita. Usawauze kuti ndakulembera.

Bambo ako aang'ono,
Pothen

Muscat, 13 Malichi 1988

Okondedwa bambo aang'ono,

Moni nonse kumeneko, mupereke moni kwa mayi aang'ono. Kalata yanu ndaiwerenga nditaimirira m'khonde la chipatala, ndipo anzanga anachita kundikhazika pansi. Nchifukwa chake Appachan sanandiyankhe! Ndinawalembera mu Januwale, mpaka lero palibe ngakhale mzere umodzi. Munthu amene uja sangalephere kuyankha kalata yomuletsa uchema pokhapokha dzanja litafooka.

Tchuthi andikaniza, akuti ndidikire mpaka Juni. Ndiye ndikudalira inu. Zimene mwafotokozazo ndi zizindikiro zoopsa. Pezani galimoto muwatengere kuchipatala ku Kottayam, akawayeze zonse. Akakana muwanyamule, musawamvere. Zolipira zonse ndi zanga. Odwala saumirizidwa kusala, choncho mayi aang'ono aziwaphikira msuzi wa nkhuku tsiku lililonse. Muwauzenso bambo mfumu, kuti zikavuta asatisiye opanda sakramenti.

Chachikulu, musawasiye okha. Madzulo muzikakhala nawo pakhonde. Ndikudziwa kuti ndakupemphani chinthu cholemera, koma mwanena nokha kuti sakutukwananso, ndiye palibe choopa.

Mwana wanu,
Annakutty

Pala, 26 Malichi 1988

Annakutty,

Moni. Iyi ndaika sitampa. Ndamva dzulo kuti Kuriachan anakakamira ku Bombay mwezi wathunthu kudikira mapepala, kalata yanga ili m'thumba mwake pamodzi ndi tsabola wa amake. Ikakupeza uiwerenge, kenaka ukhale pansi uganizire zimene wandichita.

Lachiwiri kunabwera galimoto pakhomo. Munatuluka Pothen, Chacko ndi anyamata a kwaya, onse nkhope zamaliro. Ndinati ndili bwino. Pothen anati, "Akulu, musadzivute ndi kuyankhula." Anandinyamula ngati thumba la mpunga, nsalu yanga ya m'chiuno n'kutsala pang'ono kumasuka pamaso pa Mayi Kunjannam. Mwana wanga, munthu angaletse bwanji anthu kumunyamula popanda kutukwana? Ndinayesa. Ndinati, "Chonde, abale." Pothen atamva "chonde" anayamba kulira, nauza dalaivala kuti athamangitse.

Ku Kottayam anandibaya, anandiunika m'maso, anandimenya mabondo ndi kanyundo. Dokotala anati mutu uli bwino, mtima uli bwino, koma magazi akuthamanga ngati a munthu amene wasunga chinthu. Kenaka anagwira pamimba nati chiwindi chatupa, uchema ndisiyiretu. Pothen ndiye anakauza Kesavan kuti asamabwerenso. Waona? Ndinasala chinthu chimodzi mwa kufuna kwanga, tsopano andilanda chachiwiri mwaulere, ndipo kumwamba sichiwerengedwa.

Sizinathere pomwepo. Bambo mfumu anabwera ndi mafuta oyera. Ndinawanong'oneza kuti zonsezi ndi ulaliki wawo uja. Anaseka mpaka kutsamwa, koma anati zimene ndawauza mobisa sangaulule, ndipirire, ndiwo mtanda wanga. Chacko wabwera kudzandizonda kangapo, ndipo nthawi zonse maso ake amakhala pa mitengo yanga ya mphira, akuti parishi ikufuna malo omangapo holo. Eliamma amabweretsa msuzi wa nkhuku masana alionse. Pa Lenti! Parishi yonse ikudya nyemba, ine wosala kuposa onse ndikunenepa.

Choipitsitsa ndi madzulo. Pothen amalowa pageti ngati kwawo, n'kukhala pampando wa amako. Amangoyankhula. Za bambo athu, za tsiku limene tinagwera mu mtsinje ndi njinga ya mphunzitsi, za mmene amako anandikanira kawiri asanandilole. Amandifunditsa bulangete kunja kukutentha. Sindingamuthamangitse, chifukwa mawu othamangitsira munthu amene ndimawadziwa onse ndinawasala.

Ndikuuze zoona, poti uli kutali. Chipitire amako, nyumba ino imakhala chete moti ndimamva buluzi akuyenda padenga. Sindinkadziwa kuti munthu yekhayo amene ndinkayankhula naye tsiku lililonse anali wa pampandayo. Masabata oyamba a Lenti panapita masiku osatsegula pakamwa, kupatula popemphera. Sindikunena kuti ndikukondwa kuti amabwera. Ndikungoti akachedwa ndimayang'ana kugeti.

Koma usasangalale. Zonse ndikusunga. Za mbuzi, za galimoto, za Kesavan, za bulangete. M'mawa wa Pasaka adzamva zimene sanamvepo. Ndipo za mkate mawu anga ndi omwe aja.

Tochi sinafike.

Bambo ako,
Varkey

Pala, 5 Epulo 1988

Annakutty mwana wanga,

Khristu wauka. Ndine mayi ako aang'ono, Eliamma. Uli bwanji? Ukudya mokwanira? Pachithunzi chimene unatumizira amako chaka chatha unaoneka woonda. Usadabwe kuti ndinachiona. Amuna awiriwa akamatukwanirana kutsogolo, ine ndi amako tinkapatsirana mchere, ndiwo ndi nkhani zako pampanda wa kuseri. Ndalemba ine chifukwa akalemba iwo, aliyense anena kuti wapambana.

Ndiyambe ndi Lachinayi Loyera. Ndinaphika mikate iwiri ya Pesaha, wathu ndi wanu, ndinaika pamwamba timitanda ta masamba a pa Lamulungu la Kanjedza, ndinawiritsanso mkaka wa kokonati ndi shuga wakuda womwera mkatewo. Madzulo titabwera kutchalitchi ndinati kwa amuna anga, "Nyamulani, tikadyera kwa akulu anu." Iwo anavomera msanga, ati mwina ndi Pesaha yawo yomaliza.

Tinawapeza bambo ako atakhala patebulo, atayatsa kandulo patsogolo pa chithunzi cha amako, patebulopo palibe kanthu. Anasamba, anavala zoyera, anatulutsa ngakhale mpeni wodulira mkate. Ankadikira ndani, sindinawafunse.

Ndinaika mkate patsogolo pawo. Anauyang'ana nthawi yaitali, milomo ikunjenjemera. Kenaka anati, "Eliamma, kokonati wa mu mkate umenewu wachokera kuti?"

Ndinati, "Mtengo womwe uja, alamu. Wina tiupeza kuti?"

"Ndi wa mu mkakamu?"

"Womwewo."

Anapumira m'mwamba nati, "Basi si mphatso iyi. Mwangobweza zanga." Anachotsa kamtanda, anapemphera, nadula mkate. Mwambo umati wamkulu wa banja agawe motsata msinkhu, ndiye chidutswa choyamba anachiviika mu mkaka napatsa mng'ono wawo m'manja. Amuna anga analandira ndi manja awiri akulira ngati mwana, bambo ako n'kumayang'ana kudenga, nsagwada zili gwa. Tinadya mkate wonse osatsala kanyenyeswa. Ndiye mtima wako ukhale pansi, sanakhale okha.

Kalata yako yachiwiri, imene unalemba Kuriachan atakupatsa ya bambo ako, inafika Loweruka. Amuna anga ataiwerenga anadumpha. "Ndiye sakudwala? Ndalira pamaso pa anthu, ndanyamula munthu wamoyo, ndaonda, chonsecho iye akusala ine? Wandiyesa nyama ya ng'ombe ine?" Anafuna kupita pompo kukawayamba.

Ndinati, "Takhalani pansi. Inu munali m'tchalitchi tsiku lija. Bambo mfumu anati tisale chiyani?"

"Chimene timachikonda koposa," anatero. Atanena anakhala pansi. Anapinda kalata ija n'kuiika m'thumba la malaya.

Lamulungu titabwera ku Misa ya Pasaka, kutangocha, ananyamula mpando n'kukauika pafupi ndi mpanda, pansi pa mtengo uja. Anakhala atapinda manja ngati akudikira basi. Nkhani inali itamveka kale, chifukwa Mayi Kunjannam Lenti yawo inali itatha, ndiye anthu anadzaza mumsewu atavala zoyera. Ngakhale Kesavan anali pamwamba pa mtengo wa kutsidya, akuti akugwira ntchito.

Bambo ako anatuluka ndi mswachi. Anatsuka mano mosafulumira. Analavula. Kenaka anatsegula pakamwa.

Mwana wanga, sindingalembe zonse, pepalali ndi lopita kwa mtsikana. Anayamba ndi "mbava iwe, mutu wa chikho", anadutsa pa mbuzi, pa galimoto, pa bulangete, anafika mpaka pa njinga ya mphunzitsi, ati amene ankawongolera ndi Pothen. Nkhuku zinathawa. Mphunzitsi Lukose anavula magalasi kuti amve bwino. Amuna anga anangokhala, akugwedeza mutu ngati akumvera kwaya, misozi ili mbwembwembwe, pena n'kuponyamo kuti, "Inunso akulu, nkhope ngati chinangwa chovunda," kuti moto usazime. Kenaka anatembenukira kwa ine nati, "Eliamma, achira. Ndipatse khofi."

Bambo ako mawu atawathera anaima akupuma wefuwefu, atagwira mpanda. Anthu anayamba kubalalika poganiza kuti zatha. Pamenepo anakuwanso, mawu atasasa:

"Ndipo masana ubwere ndi mkazi wakoyo, galu iwe! Ndapha bakha. Ukufuna ndidye ndi ndani?"

Tinapita. Ndinaphika ndine, m'miphika ya amako.

Bambo ako akuti ndikukumbutse za tochi. Ubweretse ziwiri mu Juni, chifukwa madzulo pamakhala wina wowoloka kupita kwa mnzake, ndipo onse awiri maso ayamba kuchita mdima.

Mayi ako aang'ono,
Eliamma